Gavanala wopanda chipewa cha nthenga

Ukatsika minibasi pa Mangochi Boma n'kuyenda wapansi kulowera ku mlatho wa Bakili Muluzi, zinthu zitatu zimakuchingamira usanaone n'komwe madzi a Shire. Pali nsanja ya wotchi imene atsamunda anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946, ndiye pali mfuti ya Hotchkiss imene inali pa sitima yankhondo ya Guendolen. Ana asukulu akabwera kudzaona malowa amathamangira kumfutiko. Aphunzitsi amawafotokozera za Ogasiti 1914, pamene Kaputeni Rhoades ananyamuka ndi Guendolen kukawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene inali pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli ku Tanzania. Nkhaniyi imakoma chifukwa Kaputeni Berndt wa Ajeremani, yemwe anali mnzake wa Rhoades pabotolo, anali asanamve kuti nkhondo yayamba, ndipo anapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera.

Nkhani za panyanja timazikamba choncho: akaputeni, mabishopu, mfuti. Amene sitimutchula ndi munthu amene anali pansi pa onsewa, m'chipinda cha injini, thukuta lili kamukamu, dzanja lili pa chigwiriro cha valavu ya nthunzi. Ine ndi za dzanja limenelo zimene ndabwerera, ndi za kachipangizo kamene kanadzalowa m'malo mwake.

Tiyambe ndi mwera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi imachokera kummwera chakuvuma, n'kukankha madzi mtunda wautali mpaka nyanja imene m'mawa inali ngati mphasa isanduke mapiri. Asodzi a ku Makawa, ku Malembo ndi ku Msaka amaidziwa bwino, ndipo ikalusa maukonde amagona pamchenga. Sitima ikamadula mafunde otere, mutu umalowa pansi, kumbuyo kumanyamuka, ndipo kwa kanthawi kochepa pulopela imatuluka m'madzi n'kumazungulira mumphepo. Katundu amene injini imalimbana naye wachoka mwadzidzidzi, koma nthunzi ikulowabe ndi mphamvu yake yonse. Injini imapenga. Imathamanga mpaka sitima yonse kunjenjemera, kenako kumbuyo kuja kumagwera m'madzi ndipo shafuti imalandira nkhonya imene ingathe kuithyola pakati.

Pa sitima zing'onozing'ono za nthunzi za masiku amenewo, kuno ndi kwina konse, mankhwala ake kawirikawiri anali munthu. Amaima pa valavu, mapazi ake akumvera mmene chitsulo chapansi chikupendekera. Akamva kumbuyo kukukwera amatseka nthunzi, kukamatsika amatsegula. Maola onse a ulonda wake amachita zimenezo, funde lililonse, m'chipinda chotentha ngati uvuni wa njerwa.

Sitima zoterezi zinayamba kuyenda kuno pa 12 Okutobala 1875, pamene Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inalowa m'nyanja kuchokera mu Shire pansi pa Edward Young, Robert Laws ali momwemo. Inabwera m'zidutswa, anthu mazanamazana atazisenza pamutu kulambalala mathithi a Shire, ndipo inakaima ku Cape Maclear. Sitima ya Chauncy Maples ya amishoni a UMCA anaipangira ku Glasgow, n'kuiphwasula kukhala zidutswa zoposa 3,000, koma boila yake yolemera matani 11 sinatheke kuigawa, choncho Angoni 450 anaikoka pangolo. Anailumikizira kwa Mponda, pafupi ndi Fort Johnston, Mangochi wa lero, ndipo inalowa m'madzi mu Juni 1901. Inkadya nkhuni, n'chifukwa chake m'mbali mwa nyanja munali malo amene sitima zinkaima kuti zipakire mitengo. Nthunzi inaisiya mu 1967 ataiika injini ya dizilo, ndipo thupi lake likadali ku Monkey Bay.

Injini za sitima zonsezi zinali za mapisitoni, zokankha ndi kubweza ngati munthu wopopa njinga, ndipo zinkazungulira mwaulemu moti diso limatha kutsatira. N'chifukwa chake dzanja la munthu linkakwanira. Tebaini ndi chilombo china, koma tisanafike kumeneko tione kaye kachipangizo kaja.

Dzina lake ndi gavanala. Kwa ife dzinali limabweretsa m'maganizo bwanamkubwa wa ku Zomba ndi chipewa chake cha nthenga, kapena gavanala wa chipani amene amagwira maikolofoni pamsonkhano asanayankhule akuluakulu. Magwero a mawuwa ali pamadzi: Aroma ankati gubernator, potengera mawu a Agiriki otanthauza munthu wogwira chiwongolero cha ngalawa. Kotero gavanala weniweni woyamba anali ngati bambo uja amakhala kumbuyo kwa bwato ndi nkhafi.

Amene anakatchukitsa ndi James Watt mu 1788, ngakhale kuti sanakatulukire yekha. Amisiri a zigayo za mphepo ku England anali akugwiritsa kale ntchito nzeru yomweyi posintha mpata wa miyala yoperera, ndipo mnzake wa Watt pabizinesi, Matthew Boulton, atakaona ku London anamulembera kalata. Kapangidwe kake mwana aliyense amene anamangapo mwala pachingwe n'kumauzunguza akhoza kukamvetsa. Ukazunguza pang'onopang'ono mwala umalendewera pafupi ndi thupi, ukawonjezera liwiro umakwera n'kutalikira. Watt anapachika mipira iwiri yachitsulo pa mikono iwiri yolumikizidwa ku mtengo woimirira umene injini yomweyo imazunguza. Injini ikathamanga mipira imatambasuka ngati siketi ya wovina, mikono imakoka kamphete kotsetsereka pamtengopo, ndipo kampheteko kamakoka ndodo imene imapana njira ya nthunzi. Injini ikafooka mipira imagwa, njira imatseguka. Palibe woitana, palibe wolamula. Liwiro lomwelo ndi limene limadzitsekera pakhosi.

Safuna ulendo wa ku Ulaya amene akufuna kumuona gavanala ali pantchito. Tsiku lina ndinaima pachigayo china cha dizilo m'mbali mwa msewu wopita ku Malindi, kumene magetsi amabwera ngati mlendo. Injini yake ndi ija ya pisitoni imodzi ndi magudumu awiri olemera m'mbali, yomwe imalira du-du-du ngati mtondo. Mnyamata wogayitsa, nsidze zili mbuu ndi ufa, anakhuthulira ndowa ya mphale m'chigayo. Kulira kwa injini kunatsika pang'ono, utsi wakuda unatuluka kamodzi, kenako mawu ake anakhazikika.

“Mwaona kandodo ako, bambo?” anandilozera ndi chala. Kandodo kopyapyala ngati pensulo, kolumikizidwa ku pampu ya mafuta, kanali katasuntha mwina theka la chikhadabo. “Kakuwonjezera dizilo kokha. Ine ndilibe nako ntchito.”

Ndinamufunsa chimene chingachitike kakaduka.

“Lamba akavuka kandodo kali kofa, muthawe. Musatenge ndi ufa womwe.”

Anthu ambiri amaganiza kuti gavanala amagwira liwiro pamalo amodzi osasuntha. Si mmene zilili, ndipo pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuti kandodo kaja kawonjezere mafuta, zitsulo zozungulira za gavanala ziyenera kubwerera m'kati, ndipo kuti zibwerere m'kati liwiro liyenera kutsika. Kuti mafuta owonjezerawo apitirire kulowa, liwirolo liyenera kukhalabe lotsikirapo. Injini yosenza katundu imayenda pang'onopang'ono kuposa yopanda kanthu, ndipo gavanala amadziwa kulemera kwa katunduyo chifukwa cha kutsika kumeneko basi. Mainjiniya amakutcha droop. Gavanala sachitapo kanthu zinthu zisanalakwike. Amadikira kuti zilakwike pang'ono, ndipo kulakwika pang'onoko ndiye chakudya chake.

Amisiri a zaka za m'ma 1800 zimenezi zinkawanyansa. Anayesa kupanga magavanala akhutu lakuthwa, oti liwiro likangosuntha mpang'ono pomwe atsegule valavu yonse. Zotsatira zake zinali injini zosakhazikika. Gavanala amatsegula mopitirira, injini imathamanga, iye amadzidzimuka n'kutseka mopitirira, injini imafooka, amatsegulanso. Aliyense amene anamvapo jenereta ya pashopu ikulira mokwera ndi motsika usiku wonse ngati munthu wodwala mphumu wamva matenda amenewa. James Clerk Maxwell, katswiri wa ku Scotland yemwe amadziwika kwambiri ndi za magetsi, analemba pepala mu 1868 lofotokoza ndi masamu chifukwa chake makina ena amakhazikika pomwe ena amagwedezeka mpaka kudziwononga. Pepala limenelo ndi limodzi mwa mizu ya maphunziro onse a makina odziwongolera okha. Mankhwala amene amisiri anapeza anali oseketsa ukawaganizira: kumugonthetsa pang'ono gavanalayo, pomuikira kapisitoni koyenda m'mafuta kuti asamadumphe ndi kalikonse, ndi kuvomereza kuti liwiro lizitsika pang'ono katundu akachuluka.

Tsopano tebaini. Mu 1884 Charles Parsons wa ku Britain anapanga makina opanda pisitoni, momwe nthunzi imawomba mizere ya timapeni tomangidwa mozungulira shafuti, monga mphepo imazunguzira kachipepala kamene ana amabaya pa kamtengo. Yoyamba ija inkazungulira maulendo 18,000 pa mphindi imodzi. Mu 1897 Parsons analowetsa bwato lake la Turbinia pakati pa sitima zankhondo zimene zinkaonetsedwa ku Spithead pa chikondwerero cha Mfumukazi Victoria yemwe uja wa nsanja ya wotchi, ndipo panalibe bwato lolondera limene linatha kuligwira. Kuchokera pamenepo magetsi ambiri a dziko lapansi akhala akuchokera ku matebaini a nthunzi, kaya moto wake ndi wa malasha, wa gasi kapena wa nyukiliya.

Injini ya pisitoni ikapenga imalira, imagogoda, imakupatsa mpata woti uthamangire ku valavu. Tebaini ilibe ulemu umenewo. Ilibe chogogoda, mkati mwake mulibe chokhulana kwambiri, ndipo ikataya katundu nthunzi ikulowabe imafika pa liwiro loopsa m'masekondi owerengeka. Mphamvu imene imakokera timapeni panja simakula mofanana ndi liwiro, imakula mochulukitsa: liwiro likakwera ndi 10 peresenti, kukokako kumakwera ndi 21 peresenti, likawirikiza kawiri kukokako kumawirikiza kanayi. Palibe dzanja la munthu limene lingapikisane ndi zimenezo.

Kuno kwathu matebaini a nthunzi amene akugwira ntchito tsiku ndi tsiku ali kumene kuli nzimbe. Kukwera ndi gombe lomweli mpaka ku Nkhotakota kuli fakitale ya shuga ya Dwangwa, imene inayamba mu 1979, ndipo kutsika ndi Shire kuli ya ku Nchalo ya mu 1966. Nzimbe zikafinyidwa, zotsalira zake siziponyedwa kudzala. Zimalowa m'ng'anjo za maboila, nthunzi yake imazunguza matebaini opanga magetsi, ndipo ikatuluka itafooka imakaphika madzi a nzimbe mpaka asanduke shuga. M'mafakitale ambiri a shuga padziko, ngakhale mipeni yodula nzimbe ndi zigudumu zofinyira zimakokedwa ndi matebaini ang'onoang'ono kudzera mu magiya. Katundu wake ndi wosadziwika ngati wa pachigayo chija. Apa mulu wa nzimbe wadzaza pakamwa pa makina, apa lamba wabwera wopanda kanthu. Ndi funde la mwera lomwe lija, kungoti lili pamtunda.

Gavanala wa tebaini wachitsulo ndi mdzukulu wa uja wa Watt, koma wasintha zinthu zitatu. Mipira ikuluikulu inachoka, m'malo mwake muli tizitsulo tiwiri kapena kuposerapo tolimbana ndi sipuling'i yolimba, ndipo munthu akafuna kukweza kapena kutsitsa liwiro amangomanga kapena kumasula sipuling'iyo. Chachiwiri, pa matebaini ambiri gavanala sazungulira pa liwiro la shafuti. Pali giya imene imamuchepetsera. Chachitatu ndi chimene chimandisangalatsa. Valavu ya tebaini yaikulu imakankhidwa ndi nthunzi yamphamvu kwambiri moti tizitsulo tija sitingaisunthe. Ndiye gavanala sakoka valavu. Amangosuntha kavalavu kakang'ono ka mafuta, kotalika ngati chala, ndipo mafuta opopedwa mwamphamvu amalowa pansi pa pisitoni yaikulu imene imanyamula valavu ya nthunzi. Pisitoniyo ikamakwera imakoka ndodo ina imene imabweza kavalavu kaja pakati, kuti kuyendako kuime pamene pafunika. Zili ngati mfumu imene simakweza mawu: imanong'oneza nduna, nduna ndiyo imafuula, kenako ndunayo imatembenuka kudzanena kuti zamveka.

Pali njira ziwiri zodyetsera tebaini. Yosavuta ndi ya valavu imodzi imene imapana nthunzi yonse, koma kupanako kumawononga mphamvu ina pachabe pamene makina akugwira ntchito yochepa. Ina ndi yogawa mabowo olowera nthunzi m'magulu, gulu lililonse ndi valavu yake, kuti azitseguka motsatana: loyamba lidzaze, kenako lachiwiri. Imeneyi imasunga nthunzi koma ndi yodula.

Magetsi a m'dziko muno amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Jenereta yokokedwa mwachindunji ndi tebaini ya nthunzi kawirikawiri imazungulira maulendo 3,000 pa mphindi kuti ipereke 50 ameneyo. Gavanala amamusiyira droop ya 4 kapena 5 peresenti, kutanthauza kuti pa 4 peresenti kusiyana kwa liwiro pakati pa makina opanda katundu ndi odzaza ndi maulendo 120 pa mphindi. Kulolera kumeneku ndi kumene kumatheketsa majenereta awiri kapena khumi kukoka ngolo imodzi. Onse akanakhala ouma khosi, aliyense wofuna 3,000 yeniyeni mwa muyeso wake, mmodzi akanalanda katundu yense mnzake n'kungotsala akuzungulira chabe. Koma poti aliyense amalola kutsika pang'ono, katundu akachuluka onse amamva limodzi ndipo aliyense amawonjezera molingana ndi msinkhu wake.

Ndiye pali mlonda wachiwiri, amene amakhala zaka osagwira ntchito. Kumapeto kwa shafuti amabowola bowo lopingasa n'kulowetsamo kabawuti kolemera mbali imodzi, kogwiridwa ndi sipuling'i. Pa liwiro la masiku onse kamagona m'bowomo. Liwiro likapitirira ndi pafupifupi 10 peresenti, tinene 3,300, kamatumphukira panja, kamamenya kandodo kachitsulo, mafuta onse ogwira mavalavu amakhuthuka, ndipo valavu yaikulu imatsekeka ndi sipuling'i yake m'kuphethira kwa diso. Taonani nzeru yake: mafuta ndi amene amatsegula, sipuling'i ndi imene imatseka. Pampu ikafa kapena paipi ikaphulika, makina amaima okha.

Vuto la mlonda wogona ndi lakuti sudziwa ngati ali moyo mpaka utamudzutsa. Dzimbiri, mafuta akuda kapena madzi olowa m'mafuta zimatha kumata kabawutiko kapena tsinde la valavu, panja zonse zikuoneka bwino. N'chifukwa chake eni matebaini amayesa mwadala, kukweza liwiro pang'onopang'ono jenereta itachotsedwa pa mawaya, kuti aone ngati kadumphe. Ndi mayeso amene mainjiniya amachita mtima uli m'mwamba. Mu Febuluwale 2011, pa siteshoni ya Eskom ya Duvha ku Mpumalanga, ku South Africa, mayeso oterewa anathera m'tsoka: zotetezera sizinagwire, tebaini ya mamegawati 600 inathamanga mpaka kudziphwasula, zitsulo zinabowola denga, moto unabuka. Mwamwayi palibe amene anafa. Makina amodzi amenewo anali aakulu kuposa magetsi onse amene timapanga pa Shire.

Poti tatchula Shire, tibwerere pa mlatho paja. Madzi amene akudutsa pansi pake akupita ku Malombe, kenako ku Liwonde kumene zitseko za Kamuzu Barrage zakhala zikuwayeza kuyambira 1965, kenako ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Matebaini a EGENCO kumeneko ndi a madzi, osati a nthunzi, ndipo amazungulira pang'onopang'ono, koma aliyense ali ndi gavanala wake amene amatsegula ndi kutseka zitseko zolowetsa madzi pa mfundo yomweyi. Mayi wa ku Mpondasi akayatsa mbaula yamagetsi madzulo, majenereta onse a pa Shire amalemedwa pang'ono, 50 uja amatsika ndi kachigawo kosaoneka, magavanala amamva ndipo amawonjezera madzi. Koma gavanala sangapereke chimene kulibe. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo zitseko za makina otsalawo zikafika pamapeto panalibenso chotsegula. Chotsala chinali kudula katundu, ndipo kudula katundu ndi kuja timati magetsi azima.

Masiku ano tizitsulo tozungulira tikutha. Matebaini atsopano amawerenga liwiro ndi kachipangizo kamagetsi koyang'ana mano a giya, kompyuta n'kulamula mavalavu, ndipo ngakhale kabawuti kogona kaja ambiri akukalowetsa m'malo ndi zowerengera zitatu zimene ziwiri zikagwirizana makina amaima. N'zolondola kwambiri, ndipo sindikutsutsa. Minda ya sola ngati ya ku Salima ndi ya ku Golomoti ilibe n'komwe chozungulira, moti ku Golomoti anaikako mabatire kuti azithandiza kugwira 50 uja akamagwedezeka. Chimene ndimadandaula n'chimodzi. Gavanala wachitsulo ukamuvundukula umaona chimene akuganiza. Makaniko wa pa Monkey Bay kapena mwana wa pasukulu ya zapamadzi kumeneko akhoza kumugwira, kumva pamene padyeka, kusula pini ina. Kabokosi kamagetsi kakafa umadikira ndalama zakunja ndi ndege.

Pachigayo paja mayi wina anali atayamba kudandaula kuti ufa wake ukuchedwa. Mphale itatha m'chigayo, injini inapepukidwa, mawu ake anakwera pang'ono, kandodo kanabwerera pamalo pake. Mnyamata uja anatenga kabotolo ka mankhwala a chifuwa kamene amasungiramo oilo, anadonthezera kawiri pa mfundo ya kandodoko, n'kupukuta ndi chala fumbi la ufa limene linamatirira pa sipuling'i.

“Ufa ukalowa apa kamauma,” anatero. Kenako anatembenuka. “Amayi, bweretsani chanucho. Mgaiwa kapena woyera?”